Madison Avenue yeniyeni ndi anthu amene sewero la Mad Men linawasiya pakhomo

Mu Malichi 2015, nyumba yosungiramo mbiri ya dziko la America ya Smithsonian, mumzinda wa Washington, inalandira suti yotuwa, chipewa ndi kangolo koikapo mabotolo a mowa. Mwini wa katunduyu sanabadwepo. Ndi Don Draper, katakwe wotsatsa malonda wa m'sewero la pa kanema la Mad Men, amene anthu anamudziwira pa nkhope ndi mawu a Jon Hamm. Patangotha miyezi iwiri, pa 17 Meyi, seweroli linafika kumapeto, litaonetsa magawo 92 chiyambire pa 19 Julayi 2007.

Amene analiyambitsa, Matthew Weiner, analemba gawo loyamba cha m'ma 2000. Zolembazo zinafika m'manja mwa David Chase, yemwe anachita nazo kaso n'kumulemba ntchito pa sewero lake la The Sopranos, koma makanema akuluakulu monga HBO ndi Showtime sanafune kuzijambula. Zinagona m'kabati zaka zingapo mpaka kanema wa AMC, amene nthawiyo ankangodziwika ndi mafilimu akale, anaganiza zoyesa mwayi. Mwayiwo unabala zipatso, pakuti Mad Men linatenga mphoto ya Emmy ya sewero lopambana zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 2008 mpaka 2011.

Oonera sanali ochuluka kwenikweni. Usiku umene gawo latsopano linkaonetsedwa, sankafika n'komwe mamiliyoni anayi m'dziko lonse la America. Koma ochepawo anali ndi changu chosaneneka. Ankakonza maphwando ovala masuti othina ndi madiresi a m'zaka za m'ma 1960. Mu 2008 ena anatsegula maakaunti pa Twitter m'mayina a Don, Peggy ndi Betty, anthu a m'seweroli, n'kumalemba ngati anthuwo ndi amoyo. Poyamba maakauntiwo anatsekedwa, koma AMC itazindikira kuti anthuwa akuitsatsira sewero mwaulere, inawaleka. Mu 2011 kampani ya zovala ya Banana Republic inagwirizana ndi Janie Bryant, amene ankakonza zovala za m'seweroli, n'kuyamba kugulitsa zovala za mtundu womwewo. Panalinso oonera a maso akuthwa amene ankaimitsa chithunzi kuti afufuze chilichonse cha pa desiki, ndipo ndiwo anatulukira kuti mataipi a IBM Selectric amene akuoneka mu ofesi ya mu 1960 anayamba kugulitsidwa mu 1961. Pofika mu Januwale 2014, ngakhale Barack Obama, polankhula ku nyumba ya malamulo za malipiro a amayi, anatchula seweroli ngati chitsanzo cha makhalidwe a pa ntchito oyenera kutayidwa, podziwa kuti aliyense amva chimene akunena.

Chikondi chimenechi n'choyenera, chifukwa seweroli linalembedwa mosamala ndipo silinyengerera anthu ake. Koma wofuna kudziwa mbiri ya ntchito yotsatsa malonda ayenera kuzindikira pamene Weiner anaimika kamera yake. Anaiimika m'nyumba ya anthu amene nthawi inkawasiya m'mbuyo. Sterling Cooper, kampani yopeka ya m'seweroli, ndi yachikale, ya azungu a mabanja olemera amene amalembana ntchito chifukwa anaphunzira sukulu imodzi. Zimene zinasintha ntchitoyi m'zaka zimenezo zinkachitikira m'maofesi ena a mumsewu womwewo wa Madison Avenue ku New York, ndipo ambiri amene anazichita ndi anthu oti Sterling Cooper sikanawapatsa mpando.

Ntchitoyi sinayambire ku New York. Cha m'ma 1841, mumzinda wa Philadelphia, Volney Palmer anatsegula ofesi yogulitsa malo a m'nyuzipepala kwa amalonda, eni nyuzipepala n'kumamupatsa kangachepe. Iye sankalemba kalikonse. Wamalonda ankabwera ndi mawu ake. Mu 1869, mumzinda womwewo, mnyamata wina, Francis Wayland Ayer, anayambitsa kampani imene anaipatsa dzina la bambo ake, N. W. Ayer & Son, ndipo mu 1875 anabweretsa mgwirizano wa poyera, woti wamalonda azidziwa mtengo weniweni wa malowo ndi gawo limene kampani yotsatsa ikudyapo. M'kupita kwa zaka gawolo linakhazikika pa 15 peresenti. Tsamba la magazini likakhala la madola 1,000, kampani yotsatsa inkapereka 850 n'kusunga 150.

Kasamu kameneka ndi kamene kamamasulira zambiri zimene oonera Mad Men amadabwa nazo. Kampani yotsatsa inalibe fakitale, inalibe katundu m'nkhokwe. Chuma chake chonse chinali makasitomala angapo amene akanatha kuchoka tsiku lililonse ndi foni imodzi yokha. N'chifukwa chake panali anthu monga Roger Sterling ndi Pete Campbell a m'seweroli, amene ntchito yawo inali ngati ya ankhoswe: kuyenda pakati pa kasitomala ndi olemba, kuziziritsa mitima, kudya naye nkhomaliro ya maola atatu, kumwa naye mpaka usiku. Mowa wa masana umene umakongola pa kanemawo unali chida cha anthu amantha, ndipo ambiri unawawonongera chiwindi ndi mabanja.

Kenako inabwera wailesi ya kanema. Malonda oyamba ovomerezeka pa kanema ku America anali a mawotchi a Bulova, pa 1 Julayi 1941, ndipo analipiridwa madola 9. Mu 1950, nyumba 9 zokha pa 100 zilizonse zinali ndi kanema. Pofika 1960, chaka chimene nkhani ya Mad Men ikuyambira, zinali pafupifupi 87. Nthawi ya pa kanema inali yodula, ndipo pa dola iliyonse kampani yotsatsa inkadyapo gawo lake lija. Ndalama zinasefukira mu Madison Avenue.

Mfumu ya nthawi imeneyo anali Rosser Reeves wa kampani ya Ted Bates. Chiphunzitso chake chinali choti upeze chinthu chimodzi chimene katundu wako ali nacho, uchinene, uchibwereze mpaka chikhazikike m'mutu mwa munthu. Malonda ake a mankhwala a mutu a Anacin ankaonetsa nyundo ikukhoma mkati mwa chigaza. Anthu ankaipidwa nawo, koma mankhwalawo ankagulidwa. Mu 1952 Reeves anagwiritsa ntchito njira yomweyo potsatsa Dwight Eisenhower pa chisankho cha pulezidenti. Mnzake wina, amene kwa kanthawi anakwatira naye akazi a mimba imodzi, anali David Ogilvy wa ku Britain. Iyeyu anaphikapo m'khitchini ya hotela ku Paris, anagulitsapo mbaula khomo ndi khomo ku Scotland, ndipo anatsegula kampani yake ku New York mu 1948. Mu 1951 anaveka mwamuna wotsatsa malaya a Hathaway kansalu kophimba diso limodzi, anthu n'kumadzifunsa kuti bamboyu diso linatani, uku akuyang'ana malayawo.

Koma amene anagwedeza nyumba yonse ndi Bill Bernbach, Myuda wobadwira ku Bronx, amene anayamba ntchito yonyamula makalata pa kampani yotcheza mowa ya Schenley. Mu 1949 iye ndi Ned Doyle ndi Maxwell Dane anatsegula Doyle Dane Bernbach. M'makampani ena, wolemba mawu ankalemba ali kuchipinda kwake, pepala n'kutumizidwa kwa wojambula kuti akongoletse. Bernbach anawakhazika awiriwa pa tebulo limodzi kuti mawu ndi chithunzi zibadwire pamodzi, ndipo mpaka lero makampani otsatsa malonda padziko lonse amagwira ntchito motero. Ankalemba ntchito Ayuda, ana a Ataliyana, ana a Agiriki ndi amayi, osafunsa za sukulu imene munthu anapitako.

Mu 1959 anapatsidwa galimoto yovuta kugulitsa, Volkswagen Beetle: yaing'ono, yooneka ngati kamba, yochokera ku Germany kumene inayambira m'nthawi ya Hitler, nkhondo itangotha zaka 14. Magalimoto a ku America nthawiyo ankajambulidwa otalika kuposa mmene analili, ali pakhomo pa nyumba yabwino, banja likumwetulira pambali. Helmut Krone ndi Julian Koenig anasiya tsamba lonse loyera. Kagalimotoko anakaika pakona ya kumtunda, kakang'ono, m'chithunzi chopanda mitundu, ndipo pansi analembapo mawu awiri okha olimbikitsa munthu kuganiza zazing'ono. Tsamba lotsatira linali lolimba mtima koposa: linaonetsa galimoto yooneka bwinobwino n'kuitchula kuti ndi yachabe, kenako m'mawu ang'onoang'ono n'kufotokoza kuti woyendera magalimoto ku fakitale ya ku Wolfsburg waikana chifukwa kachitsulo konyezimira ka pa kabokosi ka kutsogolo kali ndi banga. Wowerenga ankamva kuti akulankhula naye ngati munthu wanzeru zake.

Mu Mad Men, tsamba limeneli limangodutsa. M'gawo lachitatu anyamata a Sterling Cooper akuliseka, Don akunena kuti sakulikonda, ngakhale akuvomera kuti lawadyera nthawi akulikambirana. M'gawo loyamba lenileni, Roger akufunsa ngati kampani yawo inalembapo Myuda, poti kukubwera kasitomala wachiyuda, ndipo akukatenga mnyamata wa ku chipinda cha makalata kuti adzangokhala nawo pa msonkhano. Weiner ankadziwa chimene akuchita, ndipo zithunzi ziwirizi n'zoona. Komabe George Lois, mwana wa Mgiriki wogulitsa maluwa, amene anagwirapo kwa Bernbach asanatsegule Papert Koenig Lois mu 1960, anadana nalo seweroli poyera, ponena kuti likuonetsa zidakwa m'malo mwa anthu amene ankagwira ntchito usana ndi usiku. Mkwiyo wake unapitirira muyeso, koma anali ndi mfundo.

Pamene seweroli silinabise kanthu ndi pa fodya. Chithunzi choyamba cha Mad Men ndi Don ali m'bala, akufunsa woperekera zakumwa wachikuda chifukwa chimene amasutira ndudu za Old Gold. Don ali pa mpanipani, chifukwa kasitomala wamkulu wa kampani yake ndi Lucky Strike ndipo boma silikulolanso kunena kuti ndudu n'zabwino m'thupi. Pa msonkhano, atasowa chonena, akutulukira mawu oti fodya wa Lucky Strike ndi wokazinga. Mawuwo ndi enieni, kungoti kampaniyo inayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1917, Don asanabadwe n'komwe. Mantha a m'chipindamo ndiwo a mu 1960 ndithu. M'zaka za m'ma 1940 ndudu za Camel zinkatsatsidwa ndi zithunzi za madokotala. Mu Disembala 1952 magazini ya Reader's Digest inasindikiza nkhani yolumikiza ndudu ndi khansa, ndipo mu 1953 Ernst Wynder ndi Evarts Graham anaonetsa kuti phula la mu utsi wa fodya likapakidwa pa khungu la mbewa limayambitsa zotupa. Makampani a fodya anayankha pa 4 Januwale 1954 ndi tsamba lathunthu m'nyuzipepala zoposa 400, lonena kuti umboni sunakwane. Ndudu za Marlboro, zimene kale zinkagulitsidwa kwa amayi, kampani ya Leo Burnett ya ku Chicago inazipatsa mwamuna woweta ng'ombe ali pa hatchi, kuti abambo asachite manyazi kusuta ndudu yokhala ndi sefa. Mmodzi mwa akuluakulu a ntchitoyo anali Draper Daniels, amene dzina lake linabwerekedwa popanga Don Draper.

Pa 11 Januwale 1964, mkulu wa zaumoyo m'boma la America, Luther Terry, anatulutsa lipoti lonena mosapsatira kuti kusuta kumayambitsa khansa ya m'mapapo. Analitulutsa Loweruka dala, kuopa kugwedeza msika wa masheya. Chaka chotsatira, akuluakulu 42 pa 100 aliwonse m'dzikolo anali akusutabe. M'seweroli, Lucky Strike itawathawa, Don akulemba kalata mu New York Times yonena kuti wasiyana ndi fodya, ndipo oonera onse akudziwa kuti akungofuna kupulumutsa kampani. Munthu weniweni amene anachita zofanana ndi zimenezi anazichita ndi mtima wonse. Emerson Foote, amene kale anatsatsapo Lucky Strike, anatula pansi udindo wa wapampando wa McCann-Erickson mu 1964 chifukwa sanafunenso kudya ndalama za fodya, n'kukalowa m'gulu lolimbana ndi kusuta. Lamulo loletsa kutsatsa ndudu pa wailesi ndi pa kanema linasainidwa ndi Richard Nixon mu Epulo 1970 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 2 Januwale 1971. Ndalamazo zinangosamukira ku magazini, zikwangwani za m'misewu, mipikisano ya masewera ndi misika ya maiko ena. Mlimi wa ku Malawi amene amatenga mabelo a fodya wa bale kupita nawo ku okushoni ku Kanengo kapena ku Limbe ali kuchiyambi kwa chingwe chomwechi, pakuti bale ndi mmodzi mwa mitundu ya fodya imene imasakanizidwa mu ndudu za kapangidwe ka ku America.

Ambiri mwa okonda seweroli, akafunsidwa bwino, amavomera kuti amene anawagwira mtima si Don koma Peggy Olson, amene Elisabeth Moss anamusewera. Akulowa ngati sekilitale, amuna akumuyang'ana kuyambira kumapazi. Tsiku lina atsikana onse a mu ofesi akuwasonkhanitsa kuti ayese zopaka milomo, abambo akuwaonerera kuseri kwa galasi uku akuseka, ndipo mawu amene Peggy akunena potolera timapepala topukutira milomo akudabwitsa mmodzi wa olemba. Kuchokera pamenepo akukwera pang'onopang'ono, malipiro ake ali otsika, ulemu akuchita kulimbirana.

A Peggy enieni analipo, ndipo ena anafika patali kuposa iye. Helen Lansdowne Resor wa ku J. Walter Thompson anali atatchuka kale cha m'ma 1911 ndi malonda a sopo wa Woodbury. Phyllis Robinson ndiye anali mkulu woyamba wa olemba kwa Bernbach kuyambira 1949. Mu 1956 Shirley Polykoff anachotsa manyazi pa nkhani yodaya tsitsi ndi malonda a Clairol ofunsa ngati mayi wa pa chithunzi wadaya kapena ayi. Paula Green ndiye analemba mu 1962 mawu a kampani yobwereketsa magalimoto ya Avis, ovomera kuti iwo ndi achiwiri pa msika ndipo n'chifukwa chake amalimbikira koposa. Mary Wells anapentetsa ndege za Braniff mitundu yowala mu 1965, ndipo mabwana ake atamumana mpando umene ankauyembekeza, anachoka n'kutsegula Wells Rich Greene mu 1966. Anadzakhala mayi woyamba kutsogolera kampani yogulitsa masheya ake pa New York Stock Exchange.

Pa nkhani ya anthu akuda, seweroli ndi lopyapyala, ndipo apa okonda ake sayenera kuliikira kumbuyo. Kwa zaka zinayi zoyamba, akuda amaoneka akuyendetsa chikepe, akusesa, akulera ana a Don ndi mkazi wake Betty. Chaka chachisanu chikuyamba ndi nkhani yoona ya mu 1966, pamene antchito a Young & Rubicam anaponya mapepala odzaza madzi kuchokera pa zenera, kugenda anthu ochita zionetsero mu Madison Avenue. Zitatero Sterling Cooper ikulemba sekilitale wachikuda, Dawn Chambers, koma nkhani yake sikupatsidwa malo okwanira. Chonsecho Vince Cullers anali atatsegula kale kampani yake ku Chicago mu 1956. Caroline Jones analowa ku J. Walter Thompson mu 1963 ngati sekilitale n'kukwera kukhala wolemba, njira yomwe ija ya Peggy. Byron Lewis anayambitsa UniWorld mu 1969, ndipo Tom Burrell, amenenso anayambira ku chipinda cha makalata, anatsegula yake mu 1971 n'kuphunzitsa makampani monga McDonald's ndi Coca-Cola kuti ogula akuda alankhulidwe monga mmene alili.

Nanga n'chiyani chimene anthu amabwererabe kukaonera? Gawo lomaliza la chaka choyamba likuyankha. Akuluakulu a Kodak abwera ndi makina oonetsera zithunzi pa khoma, okhala ndi mbale yozungulira pamwamba, ndipo akufuna atsatsidwe ngati luso latsopano. Don akuzimitsa magetsi. Pa khoma pakubwera zithunzi za banja lake lenileni: ana akusewera, iye atagona pa sofa ndi mwana, Betty ali ndi pakati, tsiku la ukwati wawo. Makinawo akungoti khethe, khethe, Don akulankhula motsitsa za kulakalaka kubwerera kumene munthu unakondedwa. Mnzake Harry Crane, amene mkazi wake wamuthamangitsa kunyumba, akutuluka akulira. Oonera akudziwa kuti banja la pa khomalo likupasuka chifukwa cha Don yemweyo, ndipo akudziwanso kuti zimene akunenazo akuzimva mumtima. Pamenepa seweroli linagwira choonadi cha ntchitoyi kuposa mabuku ambiri: wotsatsa waluso amatenga njala yeniyeni ya mumtima mwa munthu, nthawi zina ya mumtima mwake momwe, n'kuimangirira pa katundu wa m'sitolo. Mu 2017 kampani ya Heinz inatenga malonda amene Don anawakonza m'seweroli, amene kasitomala wopekayo anawakana, n'kuwaika pa zikwangwani zenizeni ku New York.

Gawo lomaliza la sewero lonse likusiya Don ali ku gombe la California mu 1970, atakhala pansi ndi anthu osinkhasinkha, kenako chithunzi chikusintha n'kubwera malonda enieni a Coca-Cola a mu 1971, a achinyamata a mitundu yosiyanasiyana akuimba pa phiri. Okonda seweroli anakangana masiku angapo ngati zikutanthauza kuti Don ndiye anawapanga, mpaka Weiner anasonyeza kuti ndi mmene ankaganizira. Mbiri yake yeniyeni inayamba mu Januwale 1971, pamene ndege imene anakwera Bill Backer wa ku McCann-Erickson inalephera kutera ku London chifukwa cha chifunga n'kukatera ku Shannon m'dziko la Ireland. Apaulendo anakwiya usiku wonse, koma m'mawa Backer anawaona ena akuseka limodzi, mabotolo ali m'manja, ndipo analemba ganizo lake pa kapepala kopukutira pakamwa. Nyimboyo itatuluka pa wailesi sinapite patali. Harvey Gabor ndiye anaganiza zoijambula pa phiri; mvula inawalepheretsa ku Dover, inawavutitsanso ku Rome, ndipo pomaliza ntchitoyo inadya madola 250,000, ndalama yosamveka pa malonda a nthawiyo. Itaonetsedwa, Coca-Cola inalandira makalata oposa 100,000.

Ku London kuja, Backer ankakakumana ndi anthu atatu amene anapeka naye nyimboyo. Awiri anali Angelezi, Roger Cook ndi Roger Greenaway. Wachitatu anali Roquel Billy Davis, munthu wakuda wa ku Detroit, amene anapekapo nyimbo za Jackie Wilson pamodzi ndi Berry Gordy, anagwirapo ntchito ku Chess Records ku Chicago, ndipo pa nthawiyo anali mkulu wa zoimbaimba pa malonda a Coca-Cola ku McCann-Erickson, kampani yomwe m'seweroli inameza Sterling Cooper.